Tsiku Limene Msinkhu Wanga Unatha

Ndikukumbukira mzere wa m'mawa pasukulu ya mishoni ku Mwazisi, kumene bambo anga ankaphunzitsa. Belu likalira, ahedi ankakuwa kuti tiime motsata msinkhu, aafupi patsogolo. Ine malo anga sankasintha. Kuyambira Sitandade 1 mpaka 7 ndinali patsogolo penipeni, mame akundizizira m'mapazi, maso atalunjika pa lamba wa ahedi. Anzanga ankanditcha Kachitsa, ndipo ndinkayankha ndithu, poti ukakwiya ndi dzina m'pamene limakukakamira.

Kunyumba tinkalankhula Chitumbuka. Chichewa ndinkachitola m'kalasi ndi pa wailesi, ndipo ndinkadzitama kuti ndachidziwa. Zoona zake n'zoti ndinkamva liwu limodzilimodzi, n'kulumikiza ndekha.

Pasukulupo panali Madamu Phiri, mayi wa ku Ntcheu, wamtali ndi woseka mokweza, amene ankaphunzitsa zosoka komanso mpira wa manja. Mpirawo ndinkaukonda koopsa. Ndinkafuna kukhala womwetsa zigoli m'timu ya sukulu, yomwe inkakwera lole kukasewera ku Rumphi boma. Tsiku lina nditamwetsa katatu motsatizana, Madamu anandigwira paphewa nati, "Manja uli nawo, Tiwonge. Dikira chaka chamawa, utalikeko pang'ono." Mawu amenewo ndinawasunga mumtima, ndipo chaka chamawacho ndinkachiyembekezera kuposa Khirisimasi.

Ndiye linafika Lachitatu lina, nyengo yothyola fodya, ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri. Kuyambira m'mawa m'mimba munkapota. Nditaimirira kuti ndikalembe pa bolodi, mnzanga wokhala naye desiki anandikoka diresi, n'kundimangirira juzi lake m'chiuno kuti abise banga la magazi. Madamu anaona. Ananditengera kunyumba kwawo, anandipatsa madzi ofunda, nsalu zoyera ndi chitenje, n'kundifotokozera modekha za kusamba kwa amayi. Anandipatsanso tiyi wa shuga wambiri. Mantha anatha, mpaka ndinayamba kudzimva ngati mlendo wolemekezeka.

Madzulo anandiperekeza kwathu. Ine ndinalowa kuchipinda, koma khutu ndinalisiya pachitseko.

"AnyaGondwe, ndabwera ndi nkhani," anatero Madamu kwa amayi anga. "Mwana wathu uja watha msinkhu."

"Yewo chomene, Madamu, mwandigwirira ntchito," anathokoza amayi m'Chitumbuka.

Ndinakhala pansi pomwepo. Kutha ndinkakudziwa: shuga akatha ndiye kuti watha, choko chikatha mphunzitsi amasasa m'manja. Msinkhu ndinkaudziwanso, si uja ahedi ankatiimika nawo pamzere? Ndiye kuti wanga unali utathera pomwepo, pa lamba wa ahedi. Chinandipweteka kwambiri n'choti ananena zimenezi ndi munthu yemweyo amene anandiuza kuti ndidikire chaka chamawa, ndiponso amayi anga enieni anachita kuthokoza. Pondilangiza pambuyo pake amayi anandiuza m'Chitumbuka kuti ndakula, koma ine ndinati akungondipepesa. Masiku amenewo mawu a mphunzitsi sankatsutsidwa.

Sindinauze munthu. Nkhani ya kusamba inali yonong'ona, ndiye ndikanayambira pati? Ndinangoganiza zolimbana nazo ndekha. Ndinalemba mzere wa khala kuseri kwa chitseko cha khitchini, ndipo m'mawa uliwonse ndinkaima pamenepo, n'kuika buku pamutu. Mzere sunkasuntha. Ndinayamba kuzembera ku chigafa cha alimi oyandikana nafe, kumene ankayanika fodya. Ndinkadumpha n'kugwira mtanda, n'kulendewera pakati pa masamba ngati nanenso andiyanika, fungo la fodya likundiyetsemulitsa, mpaka m'manja munatuluka matuza. Nditaona kuti chimanga chikathiridwa feteleza chimathamanga, ndinatapa pang'ono m'thumba la bambo n'kuthira m'nsapato zanga za kutchalitchi. Ulaliki wonse ndinaumva ndikupekesa mapazi pansi pa benchi, ndipo zala zinasupuka sabata yathunthu.

Ku mpira ndinasiya kupita. Madamu ndikawaona akubwera, ndinkakhotera kuseri kwa kalasi. Iwo ankaganiza kuti ndi manyazi a utsikana, osadziwa kuti ndinali nawo chifukwa.

Patapita miyezi iwiri, Loweruka lina amayi anatulutsa makina osokera pakhonde kuti andisokere yunifolomu yatsopano. Anandiyeza ndi tepi, mapini ali pakamwa, kenako anapinda m'munsi mwa diresi mpendero waukulu ngati chikhatho. Anati ndidzakuliramo. Pamenepo mtima unandisefukira.

"Amama, musawononge nsalu. Ine ndinatha kale."

Amayi anachotsa mapini pakamwa limodzilimodzi. Anandifunsa kuti ndatha chiyani, ndipo ndinafotokoza zonse ndikulira, za khala, za chigafa, ngakhale za feteleza. Anayesetsa kudzigwira, koma zinawakanika, anaseka mpaka anaweramira pa makina. Atapukuta misozi anandigwira dzanja, diresi la mapini lili m'thupi, ulendo wa kwa Madamu.

Tinawapeza akusankha nyemba pa lichero. Amayi anati, "Madamu, Chichewa chanu chandidwalitsira mwana miyezi iwiri. Mumasulireni nokha." Madamu atamva nkhani yonse sanaseke msanga ngati amayi. Anaika lichero pansi, n'kundikhazika pambali pawo.

"Pepa, mwanawe. Kwathu tikati watha msinkhu, tikutanthauza kuti mtsikana wakula, wayamba kusamba. Ndi kanenedwe chabe. Kutalika sikuima tsiku lomwelo ayi."

Ndinafunsa kuti ndiye kwatsala kochuluka bwanji. Apa ndimawalemekeza mpaka lero, chifukwa sanandinamize. Anati kuthamanga kwenikweni kumachitika mtsikana asanayambe kusamba, ndipo akayamba thupi limapitiriza pang'onopang'ono kwa zaka ngati ziwiri. Anagundanitsa zala zawo zinayi n'kuziika pamutu panga. Anati ambiri amawonjezera zala zitatu kapena zinayi, ena kuposerapo pang'ono, ena kucheperapo, ndipo mzere wa khala sungaonetse kanthu ukamaufunsa tsiku ndi tsiku. Kenako anayang'ana amayi anga, amene nawonso sanapite patali ndi nthaka, nati, "Bulugamu sudzakhala, koma sunathe."

Zala zinayi! Munthu wina akanaziona zochepa, koma ine ndinamva thupi lonse kupepuka. Ndinapuma mpweya umene ndinaugwira miyezi iwiri. Pobwerera ndinkadumphadumpha mapini akundibaya m'miyendo, osamva n'komwe. Mpendero uja ndinapempha kuti auwonjezere. Lolemba ndinali woyamba kufika pabwalo la mpira, ndipo m'pamene Madamu anaseka, atandifunsa ngati ndabwera ndi feteleza.

Zala zinayizo zinabweradi, mwakachetechete, ndipo nditafika Fomu 2 zinakwana n'kuima. Kumwetsa zigoli kunapita kwa ena. Ine anandiika pakati, pamene pamafunika liwiro, ndipo lole ya ku boma ndinaikwera ndithu.

Masiku ano zinthu zinasintha. Atsikana amaphunzira za matupi awo m'kalasi, mawu ake amatchulidwa masana poyera, ndipo chimene sanamve amakafunsa foni. Sindidandaula nazo, chifukwa ndikudziwa kulemera kwa funso limene mwana amalisenza yekha. Komabe foni siithetsa zonse. Chaka chatha mwana wamkazi wa mchimwene wanga, amene anali atangoyamba kumene kusamba, anabwera kudzacheza. Za masentimita amene adzawonjezere anali atawerenga kale pa foni, koma ankafuna kumva kwa munthu wamagazi amodzi.

"Anti, inuyo mutatha msinkhu munawonjezera bwanji?"

Ndinagundanitsa zala zinayi monyadira n'kumuonetsa. Mwanayo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ulendo womwe sunamutengere nthawi, kenako anafunsa mwaulemu wake wonse, "Ndiye musanawonjezere, ankakuonani?"