Ndere Zofiira m'Thanki ya Don Rutilio

Kabotolo ka chakudya cha nsomba ndimagulitsa malempira 85, ndalama za kuno. Kwa munthu woweta nsomba m'thanki yapakatikati kamatha miyezi iwiri, kwa wouma manja itatu. Koma panali mayi wina, dzina lake Yamileth, amene ankabwera pabenchi panga mumsika wa La Ceiba masiku asanu ndi anayi alionse kudzagula kena. Ulendo wachinayi ndinalephera kuugwira mtima.

"Achemwali, kwanuko mukuweta nsomba kapena nkhumba?"

"Mukawafunse bambo anga," anayankha osaseka. "Ndipo ngati mumadziwa za ndere zofiira, tiyeni mukaone. Nyumba yonse ikununkha ngalande."

Ndinatseka benchi masana omwewo, mumtima ndikuti lero ndigulitsa pampu.

Bambo akewo ndi Don Rutilio Waldan, a zaka 58, obadwira ku Mosquitia, dera la kugombe kutali kum'mawa. Anayamba kubira pansi pa nyanja kusaka nkhanu zikuluzikulu ali ndi zaka 17, ndipo anagwira ntchitoyo zaka 24. Malipiro ankatengera kulemera kwa nkhanu, choncho ankatha mabotolo a mpweya khumi patsiku, nthawi zina khumi ndi awiri. Tsiku lina mpweya unawathera ali mamita 40 pansi. Anathamangira pamwamba, chinthu choopsa kwa munthu wochokera pansi chotero, ndipo pofika m'bwato miyendo inali itazizira ngati si yawo. Kapitao woyendetsa sitima sanabwerere kumtunda mpaka katundu atadzaza, patapita masiku anayi. Kuyambira pamenepo amayenda pa chikuku.

Yamileth anawatenga kudzakhala nawo kuno. Iye amachapa zovala kuhotela, amachoka m'mawa kubwera madzulo. Nyanja ili misewu itatu kuchokera panyumbapo, koma pakhomo pali masitepe asanu ndi awiri, ndipo pawindo pamaoneka khoma la aneba basi. Thanki yagalasi ya malita 200 anaitola pa lesitilanti ina itatsekedwa. Anzawo akale a m'nyanja anawabweretsera miyala yamoyo ya pansi pa nyanja ndi nsomba zisanu ndi imodzi. Yaikulu, yabuluu ndi chikasu, anaitcha Kapitao.

"Bwanji Kapitao?" ndinafunsa.

"Kuti nayenso aphunzire kudikira. Pano amadya ine ndikafuna."

"Kudikira kwake kuti?" anatero Yamileth ali kukhitchini. "Amadya kasanu ndi kamodzi patsiku. Ine pano kawiri."

Ndere zinali zitakuta mchenga wonse ngati bulangete lonyowa, zofiira moderako, zili ndi timathovu pamwamba. Zinali zitakwera miyala mpaka theka. Ukazikhudza ndi kamtengo zinkasendeka ngati khungu la mkaka wowiritsa, fungo nkukwera. Yamileth anali atanena kale mawu ake: mwezi ukatha fungolo lilipobe, thanki ituluka panja. Ana ake awiri ankagona chipinda choyandikana nayo, ndipo alendo anali atasiya kukhalitsa. Kunali kutatsala sabata zitatu.

"Nyanja yanga yatsala ndi iyi," anatero Don Rutilio. "Akaitulutsa, ndiziyang'ana khoma la aneba a Chepe lija mpaka kufa."

Sizinanditengere nthawi kuona vuto. Kuwonjezera pa chakudya cha m'botolo, ankagawira nsombazo za m'mbale mwawo: mpunga wa kokonati, tinyenyeswa ta nsomba yokazinga. Madzi ankawatungitsa pafupi ndi doko, pamene ngalande za mtauni zimathira. Pampu inali yofooka moti madzi a m'makona sankayenda. Ndinawawerengera pa zala zoyenera kuchita. Kukoka nderezo ndi kapaipi. Kusintha malita 40 sabata iliyonse, ndi madzi osefa osakaniza mchere wa m'thumba. Kudyetsa kamodzi patsiku, kotsina ndi zala ziwiri. Kufunditsa thanki masiku atatu kuti isaone kuwala. Ndinadziwa kuti ndikudzidula ndekha malonda, chifukwa kabotolo kaja kakanayamba kutha miyezi inayi, koma pampu anagula.

"Zonsezi zitenga nthawi yaitali bwanji, mwanawe?"

"Sabata zisanu ndi imodzi."

"Uyu wandipatsa zitatu. Ndiye ukuti nyanja ya m'thumba? Ine ndamwa madzi a m'nyanja ochuluka kuposa amene iwe wasamba chibadwire."

Ndinafuna kuwaonetsa kuti nanenso ndimadziwa kanthu. "Don Rutilio, izi kwenikweni si ndere ayi. Ndi mabakiteriya, tizilombo ta mtundu womwe uja timadwalitsa anthu. Tikapeza chakudya chambiri timaswana."

Anatembenukira kuthanki nkuyang'anitsitsa nderezo. Ine ndinkaganiza kuti ndawagonjetsa.

Tinakoka ndere tsiku lomwelo, mchenga nkuyera. Patapita masiku awiri zinabwerera. Tinakokanso, zinabwereranso. Za kufunditsa anapirira tsiku limodzi ndi theka, kenako anachotsa nsaluyo, akuti sangasiye anzawo mumdima. Za kudyetsa ndiye zinakanikiratu. Ndinawapeza masana ena akuponya mpunga.

"Don Rutilio!"

"Usandikalipire m'nyumba mwanga, iwe Nubia. Ndikadzuka Yamileth amandisambitsa. Akachoka ndimadyetsa. Teni koloko ndimadyetsa. Ukandiletsa zimenezi, tsiku ndilithera chiyani? Undipatse ntchito ina."

Ndinangoyeza madzi nkubwerera kumsika.

Tsiku la khumi ndi chimodzi, Yamileth anandiimbira foni m'mawa ndikuyala katundu. Anangoti, "Bwerani msanga."

Madzi anali atayera ngati otsukira mpunga. Ndere zonse zinali zitafa, zitasanduka zotuwa, zikuyandama zidutswazidutswa. Nsomba zinayi zinali pamwamba mimba chagada. Kapitao anali pansi, atagona cham'mbali, akupuma mofulumira. Patebulo panali tizikopa ta makapusozi otsegulidwa. Ndinawerenga: khumi ndi anayi.

Yamileth ndi amene anandifotokozera. Bambo ake amadwaladwala chikhodzodzo, monga zimakhalira ndi ambiri amene miyendo inafa. Sabata yathayo kuchipatala anawapatsa makapusozi 21 opha tizilombo, atatu patsiku. Anamwa asanu ndi awiri. Otsalawo ankawabisa pansi pa khushoni ya chikuku, ndipo dzulo lake, iye ali kuntchito, anawatsanulira onse m'thanki.

Don Rutilio anali pa chikuku chawo atafunda thaulo, akunjenjemera, milomo itauma.

"Unati ndi tizilombo," anatero. "Dokotala anati awa amapha tizilombo. Taona, zafa zonse. Sindinalakwitse."

"Zafa, bambo. Koma zafera limodzi nthawi imodzi, ndipo powola zamaliza mpweya wa m'madzi. Afanso ndi tizilombo tabwino ta m'miyala, timene timayeretsa madzi."

"Sunanene kuti kuli tabwino."

Zinali zoona. Sindinanene.

"Ababa, thupi lanu likuotcha ngati chitofu," anatero Yamileth. "Tiyeni kuchipatala."

"Ayambe wadzuka uyu," anatero bambowo akuloza Kapitao.

"Mufuna mufere nsomba? Nkhanu zinakulandani miyendo, ndiye iyi ikulandeni chotsalacho?"

"Ayambe wadzuka."

Tinachita zimene tikanatha. Ndinathamangira kubenchi kukatenga madzi amene ndinali nditasakaniza kale, malita 60. Ndinaika Kapitao ndi kansomba kamodzi kotsala m'ndowa ya madzi abwino, nkulowetsamo kapaipi ka mpweya. Don Rutilio anaikoka ndowayo pafupi ndi phazi lawo. Ankalankhula nayo nsombayo pansipansi m'chinenero cha kwawo, chimene ine sindimva. Kapitao anayesa kuimirira kawiri. Nthawi itangokwana 12 koloko anasiya kupuma.

Apo mpamene Don Rutilio analola kupita. Aneba awiri anawanyamula ndi chikuku chomwe kutsika masitepe aja, ndipo anakhala m'chipatala masiku asanu ndi limodzi. Matenda anali atakwera kufika ku impso.

Ndinkayembekezera kupeza thanki ili panja. Nditapita tsiku lachinayi ndinaipeza pamalo pake, Yamileth akuipukuta galasi.

"Ndimafuna kuitaya tsiku lomwe lija zinafa nsomba," anatero. "Koma kuchipatalako sakufunsa za iyo. Sakufunsa za chilichonse. Angotembenukira kukhoma. Bambo anga akakhala kuti sakukangana ndi munthu, ine ndimaopa."

Anabwerera kunyumba ataonda, mawu atachepa. Kansomba kotsalako nkakang'ono ngati chala chachikulu, kabuluu, ka mchira wachikasu. Kalibe dzina. Ndinawafunsa ngati akufuna kukatcha, iwo anangopukusa mutu kukana. Koma chikuku anachiimika pomwe paja, kutsogolo kwa galasi, ndipo nditatsina chakudya kuti ndiponye anandigwira dzanja.

"Wachulutsa," anatero, nachotsako theka.

Pakona yakumanzere, pansi pa mwala, kadontho kofiira kayambanso, kukula ngati ndalama yachitsulo. Sindinawabisire, ndipo anali atakaona kale ine ndisanafike. Yamileth wawonjezera nthawi mpaka kumapeto kwa mwezi wamawa, kutanthauza pafupifupi sabata zisanu. Mankhwala a bambo ake tsopano amasunga yekha m'chikwama, ndipo amaima pomwepo mpaka ameze.

Ine ndikuona kuti zitheka. Nsomba imodzi siidetsa madzi ngati zisanu ndi imodzi, ndipo pampu yatsopano ikuzunguza madzi mpaka m'makona. Lolemba seveni koloko m'mawa, ndisanatsegule benchi, ndidzapita ndi zigubu ziwiri za malita 20. Ndidzakoka kadonthoko ndi kapaipi, ndidzasintha madzi, kenako ndidzawaphunzitsa kuyeza madziwo okha ndi timabotolo toyezera, kuti azichita zimenezo tsiku lililonse teni koloko.