Chingwe cha mitu iwiri

Alamu anga a ku Chiputula anabwera ndi hadi dilaivi, kachipangizo kosungira zinthu za pa kompyuta, momwe munali zithunzi za malemu achimwene. Kwathu amanditenga ngati katswiri chifukwa ndinapondako ku yunivesite. Nditailumikiza pa kompyuta yanga yakale, sinaoneke. Inkangolira kuti tiki tiki.

"Yafa iyi, alamu," ndinatero molimba mtima. Anaisiya pomwepo n'kutsanzika.

Atachoka ndinaona kuti chingwe chake chinali cha mitu iwiri, ndipo mutu wina unkangolendewera. Moto unkachepa basi. Nditaulowetsa, zithunzi zonse zinaoneka.

Sindinawaimbire foni. Ndinadikira kuti sabata ithe, zioneke ngati ndavutika nayo.

"Yewo chomene," anathokoza alamu polandira zithunzizo. "Masiku onsewa sindimagona tulo."

"Nanenso, alamu," ndinawayankha.