Sabata Imene a Chimkuzamawu Anamvetsera

Alamu anga, amuna awo a chemwali anga, anagwira ntchito zaka makumi atatu pa depoti, kulengeza kuti basi iti ikupita kuti. Anthu ankawatchula kuti a Chimkuzamawu, chifukwa tsiku limene anayamba ntchito mabwana anamasula chimkuzamawu chenicheni n'kuchibweza kusitolo. Chinalibenso ntchito. Akati "basi yanyamuka!" ngakhale ya m'tauni ina inkanyamuka, yopanda dalaivala.

Vuto la munthu wolengeza ndi loti sadikira yankho. Atapuma pantchito, depoti anaisamutsira pabalaza. Achemwali anga chiganizo chimene anachiyamba tsiku la ukwati sanachimalizebe. Ana onse anazolowera kungogwedeza mutu, kupatula mzime wawo, mtsikana wamakani ngati bambo ake. Zaka zitatu zapitazo anabwera kudzanena kuti akusiya uphunzitsi, wapeza ntchito kutali yoyendetsa chimakina chonyamula katundu padoko. Anangoti, "Bambo, ndaganiza zoti..." alamu n'kulengeza maola awiri osameza malovu. Mwana ananyamula chikwama. Kuchokera pamenepo ankalankhula ndi mayi ake okha.

Mwezi watha kunafika phukusi lochokera kwa mwanayo: kabokosi kakuda kokwana m'dzanja, ndi kalata. Alamu amadana ndi foni zam'manja, amati munthu wamkulu salankhula ndi kagalasi. Foni yawo ndi ija yakale ya patebulo, imene inafa mawaya a mumsewu atachotsedwa, koma amaipukutabe fumbi Loweruka lililonse. Kalatayo inati: "Bambo, kabokosika mukalumikize ku rauta, kamakina ka intaneti ka m'nyumbamo, foni yanu muilowetse m'kabokosimo, iziyenda pa intaneti. Ndiziimba 5 koloko madzulo, kuyambira Lolemba mpaka Lamlungu."

Alamu anandiitana ine, osati kuti ndithandize, koma kuti pakhale mboni.

Lolemba foni inangoti zii. Alamu anaigwedeza, anaiuzira, anaiopseza. Rauta anaichotsa pa shelefu, anaiika pawindo, pa firiji, pamwamba pa kabati. Anayendayenda mpaka simenti ya pabalaza inakumbika kanjira. Ine ndili pasofa ndinaona kuti kabokosiko kali ndi mabowo awiri a foni, 1 ndi 2, ndipo iwo alowetsa mu 2.

"Alamu, bwanji tiyese mu 1?"

"Inu munalumikizapo chiyani chibadwire? Lamba wa thalauza yemwe amakuvutani."

Ndinatuluka kukamwa madzi. Pobwera ndinapeza foni ikuliza kamluzu kake kaja, waya ali mu 1, alamu akundiuza kuti nzeru zotere n'zobadwa nazo. Koma 5 koloko inali itadutsa.

Lachiwiri, nthawi itatsala pang'ono, timagetsi tonse ta pa rauta tinathima. Alamu anavala nsapato kuti akamangitse kampani yonse ya intaneti, mpaka alonda a pageti. Tikutuluka tinapeza achemwali akusita m'kachipinda, atazula rauta kuti alowetse simbi.

Lachitatu foni inalira. Alamu, munthu wa nyamakazi m'mawondo onse, analumpha tebulo.

"HALO!"

Makatani anathawira kunja kwa windo.

"Bambo?" Mawu a mwanayo ankamveka bwino mpaka pamene ndinakhala.

"Ndine! Tamvera iwe, choyamba..."

"Bambo, ndikudziwa kuti mwanyamula. Simukufuna kulankhula nane?"

Alamu anafuula mpaka chithunzi cha ukwati chinapendekeka pakhoma. Mbali inayo sikunafike ngakhale kachifuwa. Ife tinkamumva, iye osatimva.

"Chabwino," anatero mwanayo. "Bola simunadule. Ndilankhule ine."

Analankhula mphindi makumi awiri: za kachipinda kagalasi m'mwamba mwa chimakinacho, mmene kamazizirira m'mawa, mmene analirira mwezi woyamba, mmene ankatengera foni kuti aimbe n'kuisiyanso. Alamu ankayankha mfundo iliyonse, thukuta kamukamu, mawu onse n'kumathera m'kabokosi. Pomaliza mwanayo anati, "Aka n'koyamba kundilola kumaliza. Mwezi wamawa ndili patchuthi, ndikufuna kubwera. Koma likakwana Lamlungu musanandiyankhe ngakhale liwu limodzi, ndidziwa kuti simukundifuna, ndipo sindidzakuvutitsaninso."

Ndinatulutsa foni yanga kuti ndimuuze zimene zikuchitika. Alamu anandigwira dzanja ngati akugwira mbala.

"Mukamuuza kuti kawaya kandigonjetsa, musadzapondenso pakhomo pano."

Ndinathawira kukhitchini kukadandaula. Achemwali anali akusenda anyezi, akumwetulira.

"Achimwene, musamuuze kaye. Atulutse zonse za kumtima. Ine nkhawa yanga si foni yowonongeka. Ndikuopa tsiku limene ikonzeke. Akayambanso kulengeza, mwana uja tamutaya."

Lachinayi alamu sanakhale pansi. Anagula waya watsopano, anabwereka foni ina kwa aneba, rauta anaizimitsa ndi kuiyatsa kokwana mazana asanu ndi awiri, mpaka batani lake linapempha tchuthi. Anaiyendetsa nyumba yonse ali nayo pamutu. Zonsezo osathandiza. Mwana ataimba, alamu anafuula theka la nthawi yokha, mawu anali atasasa. Lachisanu anangokhala pampando, foni kukhutu, phazi likugunda pansi ngati makina osokera. Mwanayo atadula, alamu anandifunsa motsitsa, "Kodi alamu, mumadziwa kuti amaopa malo okwera?" Ndinati aliyense amadziwa, anatiuza ali ndi zaka zisanu, inuyo munali mkati molengeza.

Loweruka, mwana ataimba kale n'kudula, achemwali anaitana katswiri wa kukampani, mayi wina wofatsa wonyamula laputopu. Alamu anayamba kumufotokozera mbiri ya mawaya kuchokera pa chilengedwe. Iye anangogwedeza mutu, akutsegula tsamba la m'kati mwa rauta.

"Apa, bambo," anatero. "Rauta zambiri zimabwera ndi kamlonda kamene kamati kakuthandiza mafoni, koma kamasokoneza keyala, mawu anu n'kusochera panjira. Tingokazimitsa."

Anadina kamodzi, anayatsanso rauta, anatuluka panja n'kuimba ndi foni yake kuti ayese. Alamu ananyamula. Mayi uja mpaka lero akumva ndi khutu limodzi.

Lamlungu 4 koloko alamu anali atamanga kale tayi, m'manja muli pepala la mfundo khumi ndi ziwiri. Anakhala, anaimirira, anasuzumira timagetsi, anakhalanso. Anandiletsa kupuma pafupi ndi rauta. Achemwali anaima pakhomo la kachipinda, simbi ili m'manja.

Foni inalira. Alamu ananyamula n'kukoka mpweya wa nyumba yonse, ine makutu anatsekeka.

"Bambo?" anatero mwanayo. "Lero ndi Lamlungu."

Alamu anayang'ana pepala lija. Analipinda kawiri, n'kutulutsa mpweya uja pang'onopang'ono ngati tayala loponcha.

"Ndikumva, mwanangu. Unati m'mwambamo mumazizira. Juzi uli nayo?"

Kunali zii mbali zonse, moti ndinadzuka kuti ndikaone ngati kamlonda kaja kadzuka. Kenako tinamva mwanayo akulira n'kumasekanso.

"Ndili nayo, bambo. Ndiye ndibwere?"

"Bwera! Ukwere ya m'mawa, osati ya masana, ya masana imachedwa chifukwa choyamba..."

Achemwali anangokweza simbi ija, n'kuloza pamene rauta yalumikizidwa kukhoma.

Alamu anameza malovu. "Ayi, pitiriza iwe, mwanangu. Umati chiyani?"