Galimoto ya bambo anga inandithawa pamtsetse wa ku Chilomoni

Ndinavulaza mayi anga ondibereka ndi galimoto imene ankaisunga ngati mwana, ndipo mpaka pano ndikamakumbukira mutu wanga sugwira bwino. Inu owerenga, makamaka amene muli ndi galimoto yakale yongokhala kuseri kwa nyumba, imvani zimene zinandionekera.

Bambo anga anathawa m'dziko muno nthawi ya chipani chimodzi, ine ndili kupulayimale. Ankati analankhula mosasamala pamalo ena omwera tiyi, ndiye anthu ena anayamba kuwafunafuna. Anasiya mayi, ine, ndi galimoto yawo yobiriwira, yachikale ija ya magiya a pachiwongolero. Mayi anaikutira ndi tenti, n'kuika miyala kumatayala chifukwa kwathu ku Chilomoni n'kotsetsereka. Anthu ankabwera kudzaigula koma iwo ankakana, ankati mwini wake adzaipeza pomwe anaisiya.

Zipani zambiri zitayamba, othawa aja anayamba kubwerera. Dalaivala wina wa thiraki anatiuza kuti bambo afika Loweruka pa basi yochokera kumalire. Nthawi imeneyo ndinali telala, ndipo kuyendetsa ndinali nditangophunzirako pa pikapu ya mnzanga. Maganizo anandibwerera akuti ndikawatenge kudepoti pa galimoto yawo yomwe, mayi atakhala kutsogolo.

Nditachotsa tenti ndinapeza matayala ataphwa, makoswe atamanga zisa pafupi ndi injini. Abambo a m'dera lathu anasonkhana, aliyense ndi nzeru zake. Wina ankati ndiyambe ndakhuthula petulo wakale, wina ankati petulo saola. Wina ankati oyilo wakuda uja ndi wabwino kuposa wa masiku ano, mnzake n'kumutsutsa kuti injini iuma. Panalinso amene ankangoti tiikankhe kumtsetse ilira yokha. Ndinasokonezeka, ndipo posadziwa womumvera ndinangotola zimene zinali zachangu. Tinapopa matayala, ndinabwereka batire kwa a Namaona oyendetsa minibasi, n'kuthira petulo watsopano pamwamba pa wakale yemweyo.

Lachisanu tinayesa kuiliza. Inkangokhosomola n'kuzima. A Namaona anadontheza petulo pang'ono mu kabyuleta, kachipangizo kolowetsa petulo mu injini, ndipo nditapotoza kiyi inalira, utsi wakuda uli tolotolo mpaka kwa aneba. Mayi anatuluka m'nyumba n'kuima pakhomo, misozi ikutsika. Kwa ine nkhani inathera pomwepo. Ndinkaganiza kuti galimoto ikalira ndiye kuti ili bwino. Pa anthu onse aja palibe anatchulako za mabuleki, ndipo inenso sizinandibwerere.

Loweruka m'mawa mayi anavala chitenje chawo chatsopano n'kukhala kutsogolo, chikwama chili pamiyendo. Anzanga anachotsa miyala ija. Tinatuluka pageti bwinobwino n'kukhotera kunsi. Pamene inayamba kuthamanga ndinaponda buleki, phazi langa linangolowa mpaka pansi ngati ndaponda nthochi yakupsa. Ndinapondanso, palibe. Ndinakoka buleki yapamanja, waya wake unaduka, chogwirira n'kungobwera chopepuka.

Zimene zinachitika pambuyo pake sindizikumbukira mwandondomeko. Sindikudziwa ngati ndinazimitsa injini kapena inazima yokha. Ndinafuna kubweza giya koma dzanja linkapita pansi, pomwe magiya ake anali pachiwongolero. Kutsogolo kunali amayi ogulitsa tomato m'mbali mwa msewu, akuthawa kubalalika. Ndinamva mayi anga akunena motsitsa mawu kuti, “Mwanawe, khotera kungalande, usaphe anthu.” Ndinakhota. Galimoto inagwera m'ngalande chakumbali kumene kunali mayi anga n'kukagunda mtengo wa mango.

Ine ndinangochekeka pachipumi. Mayi anathyoka m'chiuno. A Namaona ndiwo anatsitsa anthu mu minibasi yawo n'kutithamangitsira kuchipatala.

Bambo anafikadi tsiku lomwelo. Anadikira kudepoti, ataona kuti palibe wobwera anakwera minibasi okha. Chinthu choyamba cha kwawo chimene anachiona patapita zaka zonse zija chinali galimoto yawo ili chafufumimba m'ngalande, ana akusuzumira m'mawindo. Ndi aneba amene anawauza komwe tinali. Mkazi wawo anakamupeza ali gone mu wodi, ndipo anagwirana manja.

Ndinkayembekezera kuti andikalipira, mwina mtima wanga ukanapepukako. Sanatero. Titatuluka pakhonde la chipatala anandiyang'ana nthawi yaitali, ngati akufunafuna kamwana kamene anakasiya, kenako anati, “Galimoto ija ndinaiimika mabuleki akutha kale. Ndinkati ndikonzetsa sabata yotsatira, ndiye ndi sabata imene ndinathawayo.” Mayi anasamala zaka zonsezo chinthu chimene chinali chowonongeka kale, ndipo palibe mwa ife ankadziwa. Kodi wolakwa anali ndani? Ndimati ndikawaloza bambo, ndimakumbukira kuti amene anachotsetsa miyala ndi ine.

Makaniko amene anadzaikoka anandionetsa mapaipi a mabuleki atadyeka ndi dzimbiri, mafuta ake atauma kalekale. Anatinso paipi ya petulo inali yong'aluka, moti tinali ndi mwayi kuti sinayake moto tsiku lomwe tinailiza lija.

Inu owerenga, galimoto ikakhala zaka osayenda musathamangire kiyi. Itanani makaniko aione isanalire. Akhuthule petulo wakale, asinthe oyilo, aone mapaipi ndi mawaya amene makoswe angakhale atadya, ndiponso matayala ngati sanang'ambike. Koposa zonse yesani mabuleki miyala ikadali kumatayala, ndipo ulendo woyamba ukhale pamalo athyathyathya, muli nokha. Musakweze munthu amene mumamukonda mu galimoto imene simunaiyese kuimitsa.

Mayi anachira koma amayenda ndi ndodo. Mtsetse wa kwathu sangathenso kuutsika okha, ndipo Lamulungu lililonse popita kutchalitchi bambo ndi amene amawagwira mkono, ine ndikubwera pambuyo nditanyamula mpando woti mayi akakhalepo.