Maulendo Atatu a Mayi a Mafunso

Chaka chimene mgodi unagulitsidwa, bambo a mwana wanga anali m'gulu la ochotsedwa ntchito. Anakhala panyumba miyezi itatu, kenako anapita ku Kasumbalesa kukasenza katundu pamalire. Ine ndinatsala m'komboni ya Luangwa ndi khanda. Anzanga akwathu kum'mawa amene tinkacheza nawo pampopi anali atabwerera kumudzi mmodzimmodzi, ndipo Chibemba changa, chilankhulo cha kumigodiko, chinali chogulira tomato basi. Masiku ena ankatha ndisanalankhule ndi munthu wamkulu.

Lachiwiri lina kunabwera mayi a ku yunivesite atanyamula chikwama cha mapepala. Anayamba ndi Chibemba, koma atandimva ndikutonthoza mwana anaseka.

"Aa, kodi ndinu akwathu! Kwanu n'kuti?"

"Ku Katete."

"Ine ku Chadiza. Ndiye mwangondisiya ndikuthyola lilime chonchi?"

Anati akufufuza za ochotsedwa mumgodi: anauzidwa motani, mabwana anawachita zotani, yuniyoni ya antchito inati chiyani. Woyankha anayenera kukhala wochotsedwayo mwini wake.

"Abambo alipo?"

"Angotuluka kumene," ndinatero.

Sindine wabodza ine, koma ndinaona kuti ndikanena zoona anyamuka. Ndinawapatsa mpando, ndinakazinga nsawawa. Tinakamba za mano a mwana, za mvula ya kwathu, mpaka dzuwa linapendeka. Sabata yotsatira anabweranso, ndinati abambo apita ku tauni. Tinacheza ngati poyamba. Kuyambira pamenepo ndinkasesa pabwalo kawiri likamayandikira Lachiwiri.

Ulendo wachitatu anafika mapazi ali mbuu ndi fumbi. Anati minibasi ya ku Ndola inawafera panjira, ndiye anayenda wapansi kuchokera kumsewu waukulu. Manyazi anandigwira.

"Asisi, ndinakunamizani. Abambo kulibe. Mwezi wachinayi uno."

"Ndinadziwa, amake mwana. Pachingwe panu sindinaonepo malaya a mwamuna."

"Nanga munabwereranji?"

"Lamulo lathu limati nyumba iliyonse tiyese katatu." Anatola nsawawa imodzi. "Komanso nsawawa zanu mumazithira mchere bwino."

Ndinati andifunse ine. Kalata yochotsa abambo ntchito ndinaiona, ndinkadziwa amene anawapatsa, ndinkadziwanso kuti atafika nayo anakhala pakhonde tsiku lonse osavula nsapato za ntchito. Mayiwo anatembenuza mapepala awo onse pang'onopang'ono, ngati mwina apezapo malo anga. Panalibe. Anamvetsera ndithu mpaka ndinamaliza, cholembera chili m'chikwama.

Cha m'ma 16 koloko, madzulo, anatulutsa cholembera chija, n'kudula mzere pa nambala ya nyumba yathu. Ndinabereka mwana n'kuwaperekeza mpaka kumsewu waukulu. Minibasi inachedwa, ndipo mumtima ndinakondwera.

Lachiwiri lotsatira ndinadziwa kuti sabwera. Ndinakhala pakhonde ndi mwana, n'kumuuza nkhani ya nsapato za bambo ake, iye akungoyamwa.