Nthambi za Pakona ya ku Prospecton

Chaka cha 2011 ndili kudziko la eni, ndinkayendetsa kabaki, kagalimoto konyamula katundu, ka fakitale ina ya ku Jacobs. Panjira ya ku Prospecton panali kona yoopsa, ndipo chikwangwani chake anali atazula akuba zitsulo. Ndiye ine ndinathyola nthambi n'kuziyala m'mbali mwa msewu, monga timachitira kwathu pakagwa maliro kapena galimoto ikafa. Amalawi anzanga akangoona masambawo, phazi linkapita lokha pa buleki.

Koma panali dalaivala wina wa takisi amene ankandilizira hutala m'mawa uliwonse ndikachepetsa liwiro, n'kumanditukwana kuti kwerekwere, dzina lonyozera ife obwera. Tsiku lina anachita kutsika n'kukankhira nthambi zanga m'ngalande ndi phazi, akuseka. Ndinangokukuta mano, poti masiku amenewo Chichewa ndinkachibisa ngati katundu wakuba.

Patatha sabata, kukugwa mvula, ndinapeza takisi yake itagona m'ngalande momwemo. Munalibe anthu, ndipo dalaivala uja anali chiimire m'matope, wosavulala. Anandikodola kuti ndimukoke. Chingwe ndinali nachotu. Ndinaima, ndinathyola nthambi ziwiri zamasamba ambiri, n'kuziyala bwinobwino kumbuyo kwa takisiyo.

"Pepanitu ndi malirowa, achimwene!" ndinatero mokweza, m'Chichewa chenicheni, n'kumulizira hutala ndikuchoka.