Chaka Chimene Belita Anakhala Pansi ndi Ana a Sabu A

Inu amene mumati nthawi yophunzira inakudutsani kalekale, tamvani za Belita wa kwa Kaduya, ku Phalombe.

Munali m'chaka cha 1951, dzuwa lili pamutu, m'nyumba ya mnansi wake Rozaria. Mwana wa Rozaria, dzina lake Peggy, anali gone pamphasa, chikuku chitamugwira, thupi lili moto. Belita anagwada pambali pake, kabuku ka mapemphero kali m'manja, chala chikuyenda pa mizere, pakamwa pakutuluka pemphero la odwala osaphonya ndi liwu limodzi lomwe.

Kumbuyo kwake kunaima Dyson, mlongo wake wa Rozaria, amene anali atangobwera kumene kuchokera kuntchito ku Halale. Iyeyu ankadziwa kuwerenga. Anasuzumira pa tsambalo, kenaka anagwira dzanja la Belita.

"Mayi, pakamwa mukunena za odwala, koma chala chanu chili pa pemphero la kumanda. Mwana wamoyoyu mukumuika bwanji m'manda?"

Rozaria anakwatula mwana wake pamphasapo n'kumufungatira, maso ali pa Belita.

Zoona zake zinali izi. Mwamuna wa Belita, malemu Julius, ndiye ankatsogolera mapemphero pamudzipo. Belita sanapondeko kusukulu, ndipo ankachita nazo manyazi kwambiri, moti mwamuna wake ankangomubwerezera mapempherowo mpaka anawaloweza. Julius atamwalira ndi matenda a m'chaka cha njala yaikulu, kabukuko kanatsala ndi mkazi wake, ndipo anthu anayamba kumuitana kwa odwala. Palibe anamufunsa ngati amatha kuwerenga. Mkazi wa wotsogolera mapemphero angalephere bwanji? Iyenso sanawauze. Anangoika zizindikiro m'kabukumo: tsamba la nandolo pa pemphero la odwala, kaudzu pa la mvula, nthenga ya nkhunda pa la kumanda. Tsiku limenelo, akuthamangira kwa Rozaria, anaterereka powoloka kamtsinje, kabuku kanagwa, zizindikiro zonse mbwee. Anazibwezera mongoganizira.

Tsopano anthu ankadikira yankho. Akakhala chete, ndiye kuti ndi mfiti yobisa temberero kuseri kwa pemphero. Akalankhula, ndiye kuti wakhala akuwanamiza nthawi yonseyi. Anayang'ana pansi.

"Sinditha kuwerenga," anatero. "Ngakhale chilembo chimodzi."

Chomvetsa chisoni n'chakuti sanamukhulupirire. Anati wangopeza pothawira. Peggy anachira ndithu, koma anthu anati wachira chifukwa amalume ake anagwira dzanja lija msanga.

Palibe anamutukwana Belita. Zikanakhala bwino akanamutukwana. Chimene chinachitika n'chakuti ana anasiya kubwera pakhomo pake. Kale akaphika nyemba za kalongonda, ana a mudzi wonse ankadzaza pakhonde, aliyense katsamba m'manja. Tsopano mphika unkazizira wokha. Mwana wake Lenia, amene anali asanafike msinkhu wa sukulu, akathamangira anzake pabwalo, amayi awo ankawaitana mmodzimmodzi, uyu akatunge madzi, uyu adzapule nkhuni, mpaka Lenia ankatsala yekha atagwira kachidole kake ka chitsononkho. Belita ankaona zonsezi ali pamtondo, n'kumasinja ngati sakuona. Mwana analakwa chiyani? Limenelo ndilo funso limene linkamudya.

Tsiku lina m'mawa anapita kwa a Kaliati, aphunzitsi a kasukulu kaudzu ka pamudzipo, n'kuwapempha kuti amuphunzitse mwamseri pakhomo pawo. Iwo anakana. Anati mkazi wamasiye kumalowa m'nyumba mwawo, anthu angawonjezere nkhani ina pamwamba pa imene ilipo kale. Anati malo alipo amodzi okha, pansi pa mtengo wa mango, pamodzi ndi ana a Sabu A, kalasi yoyambirira. Ananena choncho poganiza kuti mayiyo sabweranso.

Anabwera. Anakhala kumbuyo kwenikweni, miyendo atatambasula, sileti pamwendo, Lenia pambali pake. Ana anayamba kukodolana. Pofika masana anali atamupatsa kale dzina, ankamutcha "Amayi a Sabu". Iye anakulira m'Chilomwe, ndiye akatchula mawu a m'buku lachinyanja lilime linkapita kwina, kalasi yonse n'kufa ndi phwete. Zala zake zozolowera khasu zinkathyola choko. Ndipo mtengo wa mangowo unali m'mbali mwa njira yopita kuchitsime, moti mayi aliyense wa pamudzipo ankamuona akuimba a, e, i, o, u ndi tiana ta mamina.

Kumunda nako zinthu zinavuta. Ankalawirira kukalima kusanatenthe, n'kuthamangira kusukulu fumbi lili m'miyendo, koma udzu sudikira munthu. Chaka chimenecho mapira ake sanabereke bwino. Amalume a Belitayo anamuuza kuti zilembo sadya.

Kamodzi anasiyadi sukulu. Aphunzitsi anamuimika kuti alembe dzina lake pabolodi, iye n'kutembenuza chilembo choyamba, mimba zake kuyang'ana kumanzere. Kamtsikana kena kanadzuka n'kumukonzera, pa nthawi yomweyo Rozaria akudutsa ndi mtsuko pamutu. Belita anabwerera kwawo nkhope ili pansi, sileti anaiponya kuseri kwa nkhokwe. Anakhala masiku osapitako. Koma tsiku lina anapeza Lenia akugawira chakudya cha dothi timiyala timene anatindandalika pakhonde, akutitchula mayina a anzake aja. M'mawa mwake Belita anakatola sileti ija, n'kuipukuta ndi chitenje.

Pang'ono ndi pang'ono zilembo zinayamba kugwirana manja. Mawu oyamba amene anawerenga yekha, popanda womuuza, anali pathumba la mchere m'sitolo ya a Bashiri. Anaima pamenepo milomo ikugwedera mpaka a Bashiri anamufunsa ngati akudwala. Atamva chifukwa chake sanaseke. Kuyambira pamenepo ankamusungira zidutswa za nyuzipepala zokulungira sopo, ndipo Belita ankawerenga nkhani zopanda mutu ndi mchira, za anthu amene sanadziwe kuti zinawathera bwanji. Kenaka a Kaliati anamubwereka kabuku ka zaulimi, kouma ngati chinangwa cha chaka chatha, koma anakamaliza. Anamubwerekanso kena ka kasamalidwe ka ana. Kameneko anakawerenga mwamantha, chifukwa chizindikiro chilichonse cha matenda chimene ankawerenga ankathamanga kukachifufuza pathupi pa Lenia, kumuyang'ana m'maso, kumugwira pamimba, mwana ali bwinobwino.

Kabuku ka mwamuna wake anakasiyira kumapeto. Ankakaopa. Atakatsegula, anapeza chinthu chimene sankayembekeza: mapemphero ake anali aatali kuposa amene iye ankanena. Julius ankadumpha mizere yovuta kuti mkazi wake asavutike poloweza, ndipo sanamuuzepo. Belita analira, osadziwa ngati akulira chikondi kapena manyazi, poti zaka zonsezo ankapempherera odwala ndi theka la pemphero.

Chaka chinatha. Pa tsiku lotsekera sukulu makolo anasonkhana, ndipo mwana aliyense ankaimirira kuwerenga ndime imene aphunzitsi amusankhira. Podikira nthawi yake, Belita anayang'ana m'mbuyo, nakumbukira zonse zimene anawerenga: thumba la mchere, zidutswa zonunkha sopo, timabuku tiwiri tobwereka ndi kamodzi ka malemu. Zinaoneka zochepa kwambiri poyerekeza ndi mapira amene anataya. Dyson ndi Rozaria anali pomwepo m'gulumo.

Musaganize kuti anawerenga mokometsera. Ayi. Chala chinkakwawa pa mizere ngati nkhono. Anabwereza mzere umodzi kawiri. Pakati pa ndimeyo anakumana ndi liwu lalitali, analiyamba, analisiya, analiyambanso. Belita wakale akanangoika liwu lina la m'mutu mwake n'kupitirira. Uyu anakweza maso.

"Apa sindikudziwa, aphunzitsi. Ndithandizeni."

Anthu anaseka. A Kaliati anamutchulira liwulo, iye n'kumaliza ndime yake. Pa mayeso anakhala chakumapeto, ana ambiri atamuposa. Anabwerera kunyumba kudzera njira ya kuminda kuti asakumane ndi munthu, mumtima akuti chaka chonse chapita pachabe.

Sanadziwe zimene zinkakambidwa panjira inayo. Dyson anauza mlongo wake kuti iye wayenda, waona anthu onamizira kudziwa, koma munthu wodziwa kuwerenga sangapirire chaka chathunthu akusekedwa ndi tiana kuti angobisa chinthu. Anati kuvutika kumene waona lero sikungapangidwe dala. Anavomera kuti tsiku lija anafulumira pakamwa.

M'mawa mwake Belita akusesa pabwalo, anamva odi. Anali Rozaria, khasu paphewa, Peggy atamugwira padzanja. Sanapepese, sanakumbutse zakale. Anangoima pang'ono, akukumba pansi ndi chala chakuphazi.

"Amake Lenia, ndikupita kudimba, ndibwera mochedwa. Uyu atsale pano. Akamva njala mumupatse chimene chilipo."

Belita anagwedeza mutu movomera, tsache lili m'manja. Pamene Rozaria ankatembenuka, ana awiriwo anali atathamangira kale kuseri kwa nyumba, akukanganirana kuti mayi wa masanje akhala ndani.

Belita sanalekere pomwepo. Anapitiriza kuwerenga, ndipo patapita zaka amayi ena a kwa Kaduya ankabwera pakhonde pake masana ndi masileti obisa m'zitenje. Iye ankawauza kuti awatulutse, awanyamule poyera.

Owerenga anzanga, mwina nanunso pali chimene mukubisa, ndipo mukuopa tsiku limene wina adzasuzumira paphewa panu. Mwina mwayesa chaka chonse, mwayang'ana m'mbuyo, mwaona kuti mwakolola zochepa ndipo ana akuposani. Musachite manyazi kukhala pansi pamene ena akuyambira. Nenani poyera kuti apa sindikudziwa, ndipo mawa mubwerenso. Anthu akuona kupirira kwanu ngakhale pamene akukusekani. Limbani mtima, musabwerere m'mbuyo.